Mwadziwa bwanji kuti mfitiyo ndi uyu?

Linali Loweruka masana, tili m'kalasi yopanda magalasi m'mawindo, mabenchi titawakankhira kukhoma kuti pakatipo pakhale bwalo la milandu. Buku linali limodzi lokha. Ena onse anagwira mapepala a fotokope amene inki yake inali itayamba kale kufufutika m'makona chifukwa cha thukuta la m'manja. Tinkayeserera gawo lachitatu la The Crucible, sewero la Arthur Miller. Pamalo amenewa mtsikana wantchito, Mary Warren, wabwera kukhothi kudzaulula kuti zonse zimene iye ndi anzake akhala akuchita, kukomoka, kukuwa, kuloza anthu zala kuti ndi afiti, zinali zongopeka. Mtsogoleri wawo Abigail ataona kuti madzi afika m'khosi, akukweza maso kudenga n'kunena kuti akuona mbalame yachikasu, mzimu wa Mary, ikufuna kumukhadzula nkhope. Kenako atsikana onse akuyamba kubwereza mawu alionse amene Mary akulankhula, onse pamodzi, ngati ana a sitandade 1 potsatira mphunzitsi.

Atsikana athu anachita gawoli mwakuti thupi langa linachita tsemwe. Alonda a pasukulupo anafika pawindo kudzasuzumira, poganiza kuti kwagwa zovuta. Yemwe ankasewera ngati Mary analira misozi yeniyeni, ndipo atafika pamene Mary amagonja n'kutembenukira abwana ake John Proctor kuti ndiwo mtumiki wa Satana, palibe amene anafunsa kuti wasinthiranji mawu. Tonse tinali titaona ndi maso mmene munthu mmodzi amatheranso mphamvu anthu asanu akamamukuwira.

Tili mkati mopuma, mtsikana wina wa Fomu 3, wosakonda kulankhula, anafunsa kuti: "Koma aphunzitsi, nanga ngati ena mwa anthu amenewo analidi afiti?" Anyamata awiri anaseka. Ine sindinaseke, ndipo ndemanga ino ndikulemba chifukwa cha funso limenelo. Ndikukhulupirira kuti amene akuphunzira kapena kuphunzitsa seweroli pakati pa anthu athu, akalithawa funso limeneli, ndiye kuti wataya nthawi ya ana. Koma ndikukhulupiriranso kuti yankho labwino si "ufiti kulibe" kapena "ufiti ulipo". Seweroli likulimbana ndi funso lina, lovuta kuposa pamenepo.

Zimene zinachitika ku Salem, mudzi umene seweroli likunena, si nthano. Kumayambiriro kwa 1692, m'mudzi umenewu, m'dera la Massachusetts ku America, limene panthawiyo linali pansi pa mfumu ya ku England, ana awiri a m'nyumba ya m'busa Samuel Parris anayamba kudwala modabwitsa. Mwana wake Betty anali ndi zaka 9, m'bale wake Abigail Williams zaka 11. Ankaphupha, kukuwa, kupindika thupi, kunena kuti akutsinidwa ndi zinthu zosaoneka. Dokotala atalephera kupeza nthenda anati pali dzanja loipa. Mawu amenewa ife sitifunika kuwamasulira. Pamaliro angati pamene tamva manong'onong'o akuti "apa pali dzanja la munthu"? Oyamba kulozedwa anali atatu: Tituba, kapolo wa m'nyumba ya m'busayo, Sarah Good, mayi wopemphapempha, ndi Sarah Osborne, mayi wodwaladwala amene anali atasiya kupita kutchalitchi. Mvula ikaona litsiro sikata. Pofika pa 22 September chaka chomwecho, anthu 19 anali atanyongedwa, akazi 14 ndi amuna 5. Nkhalamba ina, Giles Corey, inafa atayisanjikiza miyala pachifuwa chifukwa inakana kuyankha mlandu. Ena osachepera asanu anafera m'ndende, ndipo mwana wa Sarah Good, wosakwana zaka 6, anamangidwa unyolo.

Mabuku ambiri othandizira mayeso amathamangira kunena kuti seweroli ndi fanizo. Zoonadi, Miller analilemba America ili pakalikiliki wosaka anthu a chikomyunizimu. Senator Joseph McCarthy anayamba kufuula mu 1950 kuti ali ndi mndandanda wa adani obisala m'boma, ndipo komiti ina ya Nyumba ya Malamulo inkaitana olemba ndi opanga mafilimu kuti atchule mayina a anzawo. Mnzake wapamtima wa Miller, Elia Kazan, anatchula mayina mu April 1952. Seweroli linaonetsedwa koyamba ku New York mu January 1953, ndipo mu 1956 Miller mwiniwake anaitanidwa ndi komiti ija, anakana kutchula munthu, anapezeka wolakwa mu 1957, chigamulocho n'kudzafafanizidwa mu 1958. Zonsezi mwana ayenera kuzidziwa, ndipo agogo ake amene anakhalapo m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene mawu amodzi onong'onezedwa kwa wapampando ankatha kufikitsa munthu ku Mikuyu, sangavutike kuzimvetsa. Koma mwana wa ku New York amafunika fanizolo chifukwa ufiti kwa iye ndi za m'mafilimu. Mtsikana wanga uja amagona m'mudzi mmene muli gogo wina amene ana amauzidwa kuti asamadutse pakhomo pake. Kumuuza kuti afiti a m'seweroli akungoimira zinthu zina ndi kumunamiza, n'kumulanda buku limene likunena za iye mwachindunji kuposa mmene limanenera za ana a kwawo kwa mlembiyo.

Njira ina yolakwika ndi yonyoza: anthu akale, mbuli, osapita kusukulu. Oweruza a ku Salem sanali mbuli. William Stoughton, mkulu wa khothi lapadera limene bwanamkubwa William Phips anakhazikitsa mu May 1692, anaphunzira ku mayunivesite a Harvard ndi Oxford. Samuel Sewall, woweruza mnzake, nayenso anali wa ku Harvard. M'seweroli m'busa John Hale amafika atanyamula mabuku olemera, ali ndi chidaliro chonse kuti maphunziro ake amuthandiza kusiyanitsa mfiti ndi munthu wosalakwa. Anthu sanaphedwe ndi chigulu cha achinyamata oledzera atanyamula zibonga. Panali makalata omangira anthu, alembi olemba mawu onse, mboni zolumbira, zidindo, mapemphero otsegulira. Chilichonse chinayenda mwa dongosolo, ndipo dongosolo lomwelo ndi limene linapha.

Pakatikati pa gawo lachitatu, woweruza wamkulu wa m'seweroli, Danforth, amafotokoza maganizo ake modekha, ndipo ndimapempha ana kuti awerenge ndimeyo kawiri. Akuti pamlandu wamba timaitana mboni, koma ufiti ndi mlandu wosaoneka. Amene angauone ndi awiri okha, mfiti ndi wolodzedwa. Mfiti singadzinenere yokha, choncho tiyenera kudalira wolodzedwayo. Mawu amenewa akumveka anzeru, ndipo poizoni wake ali pomwepo. Khothi la Salem linkalandira umboni wakuti "ndinaona mzukwa wa uje ukunditsamwitsa usiku". Woimbidwa mlandu akanena kuti usiku umenewo anali kunyumba ndi banja lake, yankho linali lakuti thupi linali kunyumba koma mzimu unatuluka. Akakhala munthu wopemphera, ndiye kuti akubisala m'tchalitchi. Akalira, ndi misozi yachinyengo. Akapanda kulira, mfiti silira. M'busa George Burroughs ali pamakwerero oti anyongedwe ananena Pemphero la Ambuye lonse osaphonya liwu, chinthu chimene anthu ankakhulupirira kuti mfiti singathe. Khamu linagwedezeka. M'busa Cotton Mather anawakumbutsa kuti Satana amatha kudzisandutsa mngelo wa kuwala, ndipo chingwe chinagwira ntchito yake. Mlandu umene palibe chilichonse chimene munthu wosalakwa anganene kapena kuchita kuti apulumuke, umenewo wagamulidwa kale asanalowe m'bwalo.

Ndiye pali nkhani ya kuvomera, imene kwathu kuno timaitenga ngati mapeto a zonse. "Wavomera yekha," timatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Ku Salem anthu oposa 50 anavomera kuti ndi afiti. Mwa amene anavomera n'kukakamira pa kuvomerako, palibe amene ananyongedwa. Onse amene anafa pachingwe anafa akukana. Mmodzi, Samuel Wardwell, anayamba wavomera, kenako anabweza mawu ake, n'kunyongedwa. Tsono taganizani muli m'chitolokosi chozizira, mwamangidwa unyolo, mwaona kuti wokana akufa ndipo wovomera akukhala ndi moyo, bola atchule anzake amene anawaona kumsonkhano wa usiku. Mungasankhe chiyani? Tituba anavomera m'masiku oyambirira enieni, n'kunena kuti m'buku la Satana munali zizindikiro za anthu enanso. Kuchokera pamenepo mudzi wonse unayamba kusakasaka otsalawo. Kuvomera kulikonse kunkabala mayina atsopano, mayinawo n'kubala kuvomera kwina, ndipo oweruza ankaona mulu wa zikalata ukukula n'kumati umboni wachuluka.

Rebecca Nurse ndi amene amandipweteka mtima kwambiri. Gogo wa zaka 71, wakumva movutikira, wodziwika ndi kupemphera. Anansi ake 39 anasaina chikalata chomuikira kumbuyo, chinthu chofuna kulimba mtima m'masiku amenewo. Gulu la anthu wamba logamula mlandu linamupeza wosalakwa. Atsikana aja anakuwa m'khothi, Stoughton anapempha gululo kuti liganizirenso mawu ena amene gogoyo analankhula, iye atafunsidwa kuti afotokoze sanamve funsolo ndipo anangokhala chete. Kukhala chete kwa munthu wogontha kunasanduka umboni. Ananyongedwa pa 19 July.

Pano ndiyenera kunena za ine mwini, chifukwa sindikulemba ngati munthu amene mantha a usiku sawadziwa. M'mudzi mwathu munali gogo wina wamasiye, ana ake onse anamwalira, maso ake ofiira chifukwa cha utsi wa zaka zambiri m'kakhitchini kopanda zenera. Tinkauzidwa kuti tisalandire kanthu kwa iye. Tsiku lina ndikuchokera kudambo anandiitana, "Mdzukulu wanga, tabwera," n'kundithira mtedza wokazinga m'manja, wotentha, wothira mchere. Ndinathokoza mogwada monga ndinaphunzitsidwira. Nditangokhota kuseri kwa nkhokwe ndinautaya m'tchire n'kupukuta manja pamalaya. Nditacheuka ndinapeza akundiyang'ana. Sananene kanthu. Ndinali ndi zaka ngati 9, msinkhu wa Betty Parris, ndipo akuluakulu akanandikhazika pansi tsiku limenelo n'kundifunsa ngati gogoyo amabwera kwa ine kutulo, ndikudziwa bwino lomwe chimene ndikanayankha. Ndinkamulota kale.

N'chifukwa chake sindivomerezana ndi anzanga ena ophunzira amene amati njira ndi imodzi, kuwauza ana mosapita m'mbali kuti ufiti kulibe. Ndimalemekeza anthu ngati George Thindwa, amene anayenda m'ndende kumenyera nkhalamba zomangidwa pa nkhani za ufiti pamene ambiri tinali chete. Koma m'kalasi, mawu akuti "kulibe" amatseka makutu. Mwana amagwedeza mutu, amalemba zimene mukufuna pamayeso, akafika kunyumba mantha ake ali pomwepo, ndipo waphunzira kuti sukulu ndi mudzi sizilankhulana. Mbiri ya Salem ikutipatsa khomo lina. Amene anaimitsa kuphana kuja sanali anthu okana ufiti. Increase Mather, mkulu wa Harvard, bambo ake a Cotton Mather yemwe uja, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti afiti alipo. Koma mu October 1692 analemba kuti Satana angathe kuvala nkhope ya munthu wosalakwa, choncho umboni wa mizukwa sungapachikitse munthu, ndipo kuli bwino oganiziridwa ufiti khumi apulumuke kusiyana n'kuti wosalakwa mmodzi aphedwe. Mwezi womwewo Phips anathetsa khothi lija. Khothi latsopano litayamba kuzenga milandu mu January 1693 osadalira umboni wa mizukwa, pafupifupi onse anapezeka osalakwa. Anthu ake omwewo, chikhulupiriro chomwecho, Baibulo lomwelo. Chimene chinasintha ndi funso limene woweruza ankafunsa. Munthu angathe kukhulupirira kuti kunja kuno kuli zoipa zosaoneka, n'kuumirirabe kuti: inu amene mukuloza chala, mwadziwa bwanji kuti ndi uyu? Funso limeneli mayi wa mvano angalifunse, shehe angalifunse, nyakwawa ingalifunse pabwalo popanda kutaya chikhulupiriro chake.

Pali mtsutso wina wolemera, ndipo sindiupeputsa. Lamulo lathu la ufiti ndi la 1911, la atsamunda. Limaletsa mwavi, limalanga woloza mnzake kuti ndi mfiti, limalanganso wodzitcha mfiti. Anthu ambiri amati lamuloli ndi lachilendo, limateteza afiti, ndipo poti khothi silimva madandaulo awo, n'chifukwa chake amangotenga zikwanje. Mu 2021 komiti yapadera ya Law Commission, bungwe lounika malamulo, inalimbikitsa kuti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo. Maganizo ake ndi akuti boma likatsegula khomo la khothi, anthu asiya kulanga okha. Ndikumvetsa kupweteka kwa mayi amene waika ana awiri m'chaka chimodzi ndipo aliyense akumuuza kuti palibe kokadandaula. Koma amene akufuna khothi lozenga ufiti awerenge kaye Salem, chifukwa Salem ndiye khothi limenelo. Kumeneko lamulo linkavomereza ufiti, chilango chake chinali imfa, oweruza anali ophunzira, ndipo anthu sanafunikire kutenga zikwanje popeza boma linkawaphera. Majisitireti wa ku Mwanza kapena ku Karonga adzalandira umboni wanji? Maloto a mwana? Galasi la sing'anga? Kuvomera kwa gogo amene wagona masiku awiri atazingidwa ndi khamu? Cha m'ma 2010, ngakhale pansi pa lamulo lomweli la 1911, nkhalamba zambiri zinali m'ndende zathu chifukwa zinavomera pamaso pa khothi, kawirikawiri potsatira mawu a ana. Khomo likatsegulidwa kwathunthu, sindikuona chimene chidzaletse mzere umenewo kutalika.

Tsopano ndikangane ndi Miller mwiniwake, chifukwa kuphunzira buku si kuligwadira. Abigail weniweni anali ndi zaka 11, John Proctor weniweni anali bambo wa zaka pafupifupi 60. Miller anakweza Abigail kufika zaka 17, anatsitsa Proctor kukhala wa zaka za m'ma 30, n'kupeka chibwenzi pakati pawo. Iye sanabise kuti anasintha zina. Pasiteji zimagwira mtima: mtsikana wokanidwa akufuna kuchotsa mkazi wa mwini kuti alowe m'nyumba. Koma taonani chimene kusinthaku kumachita m'mutu mwa woonera. Tsoka lonse la mudzi limaoneka ngati linachokera mu nsanje ya mtsikana mmodzi wachiwerewere. Ndinaziona pa ana anga omwe. Nditafunsa kuti wolakwa wamkulu ndani, manja onse anakwera: Abigail. Anyamata anawonjezera mawu ena amene sindingawalembe pano.

Ndinawalembera pabolodi mayina anayi: Thomas Putnam, Edward Putnam, Joseph Hutchinson, Thomas Preston. Awa ndi amuna akuluakulu, eni minda, amene pa 29 February 1692 anapita kwa oweruza kukasuma mlandu woyamba. Mwana wa zaka 11 sakanatha kusuma, sakanatha kusaina kalata yomangira munthu, sakanatha kumanga mfundo ya chingwe. Thomas Putnam, bambo wa mtsikana wina wokuwa uja, Ann wa zaka 12, analemba ndi dzanja lake zikalata zambirimbiri za umboni. Banja la Putnam linali ndi mkangano wakale wa malire a malo ndi banja la Towne, kumene Rebecca Nurse anabadwira, ndipo mwa ana aakazi a banja limenelo atatu anamangidwa, awiri n'kunyongedwa. Proctor ndi mkazi wake ali m'ndende, mkulu wa apolisi anapita kwawo kukalanda katundu. Wolemba wina wa nthawiyo anati anagulitsa ng'ombe, anakhuthula ngakhale msuzi umene unali mumphika kuti atenge mphikawo, ana ali pomwepo. Miller nkhani ya malo anaiikamo, kudzera mwa Giles Corey, koma imamira m'phokoso la chibwenzi chija.

Pa chifukwa chomwechi, mawu amene mabuku amakonda akuti mudzi wonse unagwidwa ndi misala ndimawakayikira. Mantha analipodi, ndipo mantha amapatsirana ngati chimfine. Tinaziona mu 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mpaka mu Blantyre, anthu n'kuphedwa pamisewu chifukwa chokhala alendo kapena kunyamula chikwama. Koma tikati "misala", aliyense amasamba m'manja, popeza wamisala saimbidwa mlandu. Pamene ana akunena kuti gogo uje amawatenga usiku pa lichero kupita kumanda, pamakhala wamkulu amene anayamba kuwafunsa, wamkulu amene anasankha funso, wamkulu amene anaitana anthu kuti adzamve, ndipo kawirikawiri pamakhala munda, dimba kapena nyumba ya malata imene idzasowe mwini gogoyo akathamangitsidwa. Ku Neno mu January 2016, mphezi itapha mtsikana, nkhalamba zinayi za banja limodzi zinaphedwa tsiku limodzi. Mphezi imagwa chaka chilichonse m'dzinja. Kuti ifike posanduka imfa za anthu anayi okalamba, panafunika pakamwa pa munthu wina kutchula mayina, ndi anthu ena ambiri kuima chete.

Chinthu chimene Miller anachigwira bwino kuposa wina aliyense chili m'gawo lomaliza. Hale, amene tsopano wazindikira kuti manja ake ali ndi magazi, akuchonderera Danforth kuti akhululukire otsalawo, ndipo m'busa Parris akupempha kuti kunyongako kuimitsidwe kaye. Danforth akukana, ndipo chifukwa chake n'choopsa: anthu 12 anyongedwa kale pa mlandu womwewu, ndiye kukhululukira otsalawa kudzachititsa anthu kukayikira ngati oyamba aja analidi olakwa. Apha enanso kuti asavomereze kuti analakwa kupha oyamba. Uyu si munthu wogwidwa ndi mantha a ufiti. Ndi munthu woteteza mpando wake ndi dzina lake. Ndikaganiza za mfumu ya m'mudzi imene inalola banja limodzi kuthamangitsidwa chaka chatha, ndimamvetsa chifukwa chake chaka chino singanene kuti banja lachiwiri ndi losalakwa. Stoughton weniweni sanapepese mpaka imfa yake.

Ena anapepesa. Pa 14 January 1697, tsiku limene dera lonse linasala kudya chifukwa cha zimene zinachitika, Samuel Sewall anaimirira m'tchalitchi chake ku Boston, mpingo wonse ukumuyang'ana, m'busa akuwerenga kalata yake yovomera kulakwa. Mu 1706 Ann Putnam, atakula, anaimiriranso pamaso pa mpingo wa ku Salem kupepesa, makamaka kwa abale a Rebecca Nurse. Mu 1711 boma linapereka chipukuta misozi kwa mabanja ena. Mlandu suwola: dzina lomaliza, la Elizabeth Johnson wamng'ono, amene anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1693 koma sananyongedwe, linayeretsedwa mu 2022, patapita zaka 329, ndipo amene anakakamiza aphungu a Massachusetts kuchita zimenezi anali ana a sukulu a ku North Andover ndi mphunzitsi wawo, ana a msinkhu wa Fomu 1. Izi ndinawauza ana anga dala. Kwathu kuno sindinamvepo mudzi utasonkhana pansi pa mtengo kuti utchule dzina la gogo amene unamuthamangitsa n'kunena kuti tinamulakwira. Ine ndemwe sindinapite kukapepesa za mtedza uja, ndipo gogoyo anamwalira ndili kusekondale.

Ana amakonda Proctor, ndipo ndi bwino. Amasaina chikalata chovomera bodza, kenako amaching'amba chifukwa sakufuna kuti dzina lake likhomedwe pachitseko cha tchalitchi n'kudetsa anzake amene akufa akukana. Mnyamata aliyense m'gulu lathu ankafuna gawo limenelo. Koma ambiri a ife sitidzaima pamene Proctor anaima. Tidzaima pamene panaima anansi 39 aja, cholembera chili m'manja, tikudziwa kuti kusaina kungatibweretsere mavuto. Kapena pamene panaima John Willard, wapolisi wa m'mudzi amene anatopa ndi kumanga anthu amene ankawadziwa kuti ndi osalakwa, anakana kupitiriza, n'kulozedwa iyenso. Ananyongedwa tsiku limodzi ndi Proctor, pa 19 August. Nkhani yake imeneyi m'seweroli mulibe, koma m'kalasi ayenera kutchulidwa.

Munthu wina amene Miller sanamupatse mpata wolankhula ndi Mary Easty, mng'ono wake wa Rebecca Nurse. Ataweruzidwa kale kuti afe, analembera bwanamkubwa ndi oweruza kalata. Sanapemphe moyo wake. Anati akudziwa kuti tsiku lake laikidwa. Anapempha kuti magazi ena osalakwa asakhetsedwe. Sananene kuti ufiti kulibe, ndipo sanatukwane oweruza. Anati akukhulupirira kuti iwo sakufuna kupha osalakwa mwadala, koma poti iye akudziwa mumtima mwake kuti sanalakwe, akudziwanso kuti njira imene akutsata ndi yolakwika. Kenako anapereka malangizo osavuta, a mayi amene walera ana ambiri: atsikana odandaulawo muwalekanitse kwa kanthawi, muwafunse mosamala aliyense payekha, ndipo ovomera ufitiwo muwazengenso, chifukwa ena akudzinamizira okha ndi kunamizira anzawo. Ananyongedwa pa 22 September, m'gulu lomaliza la anthu 8.

Tinagwirizana kuti tsiku loonetsa seweroli, gawo lomaliza lisanayambe, munthu mmodzi adzaimirire kutsogolo n'kuwerenga kalata imeneyi. Ndinapereka ntchitoyo kwa mtsikana wa funso uja. Anaitenga, anaiwerenga chamumtima milomo ikugwedera, kenako anabwera pamene ndinakhala.

"Aphunzitsi, mungandilole ndiimasulire m'Chichewa? Agogo anga akuti adzabwera kudzaonera, koma Chingerezi samva."

Ndinamupatsa pepala ndi bolopeni, ndipo anakakhala pabenchi ya pakona, pafupi ndi windo, n'kuyamba kulemba.